Khungu limapola msanga, mtsempha wa chala umachedwa

Amene tinakulira kumudzi tikukumbukira seweroli. Amayi akapha nkhuku, ana tinkalimbirana zipalapasiro zisanalowe mumphika. Podulidwa mwendopo pamaoneka kachingwe koyera, kolimba. Ukakakoka, zala za nkhuku zimafumbata zokha ngati ili moyo; ukakasiya, zimatambasuka. Tinkaopsezera nazo ang'ono athu mpaka kulira. Panalibe amene anatiuza kuti dzanja lathu lomwe limagwiranso ntchito chimodzimodzi.

Kachingwe kaja nafenso tili nako m'chala chilichonse, ndipo kakaduka chala chimaleka kumvera mwini wake. Nkhaniyi ndi yathu kwambiri chifukwa ntchito zimene ambiri timagwira kunja kuno ndi za manja: kukhitchini ya lesitilanti, m'minda ya mphesa ku Western Cape, pa zomangamanga, m'nyumba zosamalira okalamba, m'mafakitale odula nyama. Chala chimodzi chikafa, malipiro amaima, pomwe kumudzi kuli anthu akudikira ndalama ya feteleza ndi ya fizi. Madokotala amatha kusoka kachingweko. Koma kusokako ndi ntchito ya tsiku limodzi, pomwe kupola kwake kumatenga pafupifupi milungu 12, ndipo milungu imeneyo ndi imene imatigonjetsa ambiri.

Tiyambe ndi dzina. M'Chichewa mawu akuti mtsempha timatchulira zinthu zitatu zosiyana: njira ya magazi, kaulusi kamene kamanyamula uthenga wa ululu ndi kukhudza, komanso chingwe chimene chimalumikiza mnofu ku fupa. Kuchipatala chilichonse chili ndi dzina lake, ndipo chachitatuchi amachitcha tendon. Ana amene mumaperekeza makolo kukawamasulira, samalani pamenepa. Dokotala akati tendon yaduka, inu n'kungoti "mtsempha waduka", bambo angaganize za magazi, ndipo magaziwo akasiya kutuluka adzati vuto latha. M'nkhani ino tikamati mtsempha tikunena chingwe chokoka chija.

M'zala zenizenizo mulibe mnofu woziyendetsa. Minofu ikuluikulu yofumbatitsa dzanja ili mumkono, pakati pa chigongono ndi povala wotchi, ndipo ina ing'onoing'ono ili m'chikhatho. Gwirani mkono wanu cha pansi pa chigongono, kenako kungani chibakera: mumva mnofu ukuuma pomwepo. Kuchokera kumeneko, mitsempha 9 yopinda zala imadutsa mu kanjira kopapatiza povala wotchi paja n'kulowa m'chikhatho. Chala chachikulu chimalandira umodzi, zala zinayi zotsalazo iwiri iwiri. Pa iwiriyo, wina umathera pa fupa lapakati ndipo umapinda mfundo yapakati. Wina umapitirira mpaka ku fupa la kunsonga ndipo ndiwo umapinda kumene kuli chikhadabo. Kuseri kwa dzanja kuli mitsempha ina, yopyapyala, imene ntchito yake ndi kuwongola zala.

Aliyense amene anakonzapo mabuleki a njinga amvetsa zotsalazo. Waya wa buleki amayenda m'kati mwa kapaipi, ndipo kapaipiko kamamangiriridwa ku felemu kuti waya asalendewere. Mtsempha wopinda chala umayendanso mu kachimake koterera, ndipo timalamba tolimba timaugwirira pafupi ndi fupa. Waya akachita dzimbiri m'kapaipi, ngakhale asanaduke, buleki sigwira. Musaiwale fanizoli, tibwereranso.

Mmene umadukira

Nthawi zambiri ndi mpeni, galasi, chitini kapena lata. Mitsempha ili pafupi kwambiri ndi khungu, makamaka m'mizere ya mfundo, moti bala laling'ono ngati njere ya chimanga likhoza kuudula wonse. Peyala nalonso lavulaza anthu: munthu amaligwira m'chikhatho n'kumabaya nthangala ndi mpeni, mpeni n'kuterereka. Mu 2017 madokotala a opaleshoni ku Britain anachita kuchenjeza anthu poyera za ngozi imeneyi. Ife amene tinazolowera kudula chilichonse m'manja, osati pa thabwa, chenjezoli likutikhudza.

Umathanso kuduka popanda bala. Mpira ukamenya kunsonga kwa chala chowongoka, mtsempha wowongola umathothoka pa fupa, nsonga ija n'kugwa ngati mutu wa nkhuku yodwala. Munthu akhoza kuidzutsa ndi dzanja linalo, koma akaisiya imagwanso. Achizungu amati mallet finger. Ife aphunzitsi timaiona pa netball ndi basketball, koma imachitikanso mopusa: poyala bedi, chala chikakodwa pamene mukulowetsa nsalu pansi pa matiresi. Amene mumayala mabedi makumi patsiku m'nyumba za okalamba ndi m'mahotela, dziwani zimenezi. Mtundu wina amautcha jersey finger, ndipo umachitika kwambiri pa rugby, mnyamata akagwira malaya a mnzake amene akuthawa mwamphamvu. Mtsempha wopinda nsonga umazuka pa fupa, kawirikawiri pa chala chovala mphete. Chalacho chimangooneka chotupa, anthu n'kumati wabinya, koma chimafunika opaleshoni m'masiku ochepa.

Kudziwa kuti mtsempha wavulala si kovuta. Ikani dzanja chagada patebulo, mulilekerere. Zala zimapindika pang'ono zokha, motsatizana. Chala chimene chaima chowongoka pakati pa zinzake chikukuuzani kanthu. Kenako yesani mfundo iliyonse payokha, pang'onopang'ono: gwirani fupa lapakati, pindani nsonga yokha. Ikakana, pitani kuchipatala. Koma ikalola musalimbe mtima msanga, chifukwa mtsempha wochekeka theka umapindabe chala, mwaululu, ndipo ukhoza kudzamalizika patapita masiku. Dzanzi mbali imodzi ya chala likusonyeza kuti kaulusi ka uthenga kaja, kamene kamayenda m'mbali mwa mtsempha, nakonso kadulidwa.

Pa tsiku la ngoziyo zochita n'zochepa. Tsukani bala ndi madzi oyera, finyanipo ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja m'mwamba, ndipo vulani mphete chala chisanatupe. Phulusa ndi mankhwala otsukira mano zisiyeni. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukanene momveka kuti chala sichikupinda kapena sichikuwongoka, mufunsenso za katemera wa kafumbata. Chofulumirira ndi ichi: mtsempha ukaduka, mnofu umakokera mbali yakumtunda m'kati ngati mphira ya legeni, nthawi zina mpaka m'chikhatho. M'masiku oyambirira dokotala amaupeza n'kuubweza. Pakadutsa milungu ingapo mnofu umafupika, kachimake kaja kamatsekeka, ndipo mbali ziwirizo sizikumananso. Zikatero pamafunika kutenga mtsempha pena pathupi, kawirikawiri mumkono momwemo, n'kudzaulumikiza, mwinanso ndi maopaleshoni awiri otalikirana miyezi.

Malo ovuta koposa ali kuyambira pa mzere wa m'chikhatho pafupi ndi zala kukafika pakati pa chala, kumene mitsempha iwiri ija imapanikizana mu kachimake kamodzi. Sterling Bunnell, dokotala wa ku America amene anayala maziko a opaleshoni ya manja, anawatcha no man's land, dzina la dera la pakati pa magulu awiri a nkhondo kumene msilikali salowako. Kwa zaka zambiri madokotala ankapewa kusoka pamenepo chifukwa zala zinkauma. M'zaka za m'ma 1960, Harold Kleinert ndi anzake ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky, anasonyeza kuti n'zotheka, bola kusokako kukhale kwaluso ndipo chala chiyambe kuyendetsedwa msanga mosamala. Mfundo yachiwiriyi ndiyo mutu wa zonse zimene zikutsatira.

Milungu 12

Mtsempha ndi woyera chifukwa magazi amafikamo ochepa, ndipo chiwalo cha magazi ochepa chimapola mochedwa. M'masiku oyambirira pambuyo pa opaleshoni, chimene chagwira mbali ziwiri zija ndi ulusi wa dokotala basi. Kuyambira chakumapeto kwa mlungu woyamba kufikira wachitatu, nsonga zosokedwazo zimafewa pamene thupi likuchotsa zowonongeka ndi kuyamba kumanga zatsopano, ndiye kuti apa m'pamene mtsempha uli wofooka kuposa nthawi ina iliyonse. Tsono taonani tsoka lake. Ulusi wa pakhungu amauchotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Bala louma, ululu wachepa, kutupa kwayamba kuphwa. Munthu akaliyang'ana dzanja amati ndachira, pomwe m'kati muli ngati khoma la njerwa limene matope ake sanaume.

Kuyambira mlungu wachitatu mpaka wa 6 thupi limaluka timaulusi tatsopano pa malo osokedwawo, koma timalukana mosokonekera ngati ulusi umene mwana waseweretsa. Kukoka pang'onopang'ono, kobwerezabwereza, n'kumene kumatiwongola kuti tiyang'ane mbali imodzi ndi kulimba. Ntchito imeneyi imapitirira miyezi. N'chifukwa chake malangizo a NHS amati ntchito zopepuka, monga kulemba, zimayambika pakatha milungu 6 mpaka 8, kuyendetsa galimoto pakatha milungu 8 mpaka 10, ndipo kunyamula zolemera ndi masewera pakatha milungu 10 mpaka 12. Mphamvu zonse za dzanja zikhoza kutenga miyezi 6 kuti zibwerere. Masiku enieni a chala chanu adzakuuzani amene akukuthandizani, chifukwa zimadalira mtsempha umene unaduka, malo ake ndi kasokedwe.

Wodwala amakhala pakati pa ngozi ziwiri zokokerana. Akagwiritsa ntchito chala msanga, posokedwa paja pamaduka. NHS imati zimenezi zimachitika pa opaleshoni pafupifupi imodzi mwa 20 zilizonse, makamaka kumayambiriro. Akachisunga osachiyendetsa n'komwe, chipsera cha m'kati chimamatirira mtsempha ku kachimake kake ndi ku fupa. Ndi waya wadzimbiri uja: ngwathunthu, koma sayenda. Kumudzi tinaphunzira kuti chiwalo chovulala amachimanga n'kuchisiya chipume, ndipo pa fupa lothyoka nzeruyo imathandiza. Pa mtsempha wopinda chala imapha chala.

Njira yapakati ndi mafizo, ndipo amene amaiyendetsa ndi katswiri wa manja, hand therapist. Patangotha masiku atatu kapena asanu, amakuumbirani chikhakha cha pulasitiki, chimene iwo amati splint, chokhala kuseri kwa dzanja ndi zala. Chimaletsa zala kuwongoka mopyola muyezo, koma chimasiya mpata woti zipindike. Muli m'chikhakhamo mumachita mafizo kangapo patsiku, ena amati ola lililonse muli maso: choyamba kupinda chala ndi dzanja linalo kuti mfundo zifewe, kenako kuchipinda chokha pang'onopang'ono, mopanda mphamvu, ngati mukugwira dzira. Chikhakhacho chimavalidwa usana ndi usiku kwa milungu pafupifupi 6, pogona ndi posamba pomwe, mutachikuta ndi jumbo.

Tinene mosabisa: mafizo amenewa ndi otopetsa, ndipo amaoneka ngati masewera a ana. Bambo wamkulu amene ankanyamula matumba a simenti amachita manyazi kukhala pampando n'kumapinda kachala kakhumi. Ulendo wa kuchipatala mlungu ndi mlungu umadya ndalama ya basi ndi nthawi. Koma ife tikuona kuti wophonya mafizo wataya theka la opaleshoni imene anaipirira.

Zimene zimadula mtsempha wosokedwa si zazikulu ayi. Kufinya mankhwala otsukira mano. Kukoka chitseko cha firiji. Kukweza thalauza. Kuwakha kapu imene ikugwa, mosaganiza. Kwa amayi mayesero ndi ochuluka: kunyamula khanda, kufinya zovala, kuthyakula nsima. Mthiko uleke kaye kugwiridwa ndi dzanja limenelo, ngakhale anthu a m'nyumba adye nsima ya mitanda yophika abambo kapena ana. Palinso nkhani ya moni. Ife timagwirana chanza mwamphamvu, ndipo kutchalitchi kapena pamaliro munthu amagwira manja makumi. Ngati lovulala ndi lamanja, ikani dzanja pamtima n'kuwerama pang'ono. Palibe wamkulu amene angakuoneni wamwano ataona chikhakhacho. Kudya ndi kulandira zinthu ndi lamanzere kwa milungu ingapo si mlandu. Fodya amachepetsa magazi ofika ku zala ndipo amachedwetsa kupola, shuga wosasamalidwa chimodzimodzi.

Mukamva kuti thu m'chala, kapena chala chimene chinayamba kupinda chaleka mwadzidzidzi, musadikire tsiku limene anakulemberani. Imbani kapena pitani tsiku lomwelo, chifukwa kusokanso kumatheka ngati mwafulumira. Chimodzimodzi bala likayamba kufiira, kutentha, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha.

Mallet finger ili ndi malamulo akeake, ndipo pano n'zosiyana. Nthawi zambiri sipafunika opaleshoni. Amajambula kaye kuti aone ngati kachidutswa ka fupa kathothoka limodzi ndi mtsempha, kenako amaika kachikhakha kakang'ono kogwira mfundo ya kunsonga yokha kuti ikhale yowongoka kwa milungu 6 mpaka 8, osapumira. Mfundo yapakati imasiyidwa kuti iziyenda. Povuta ndi potsuka: nsonga ija ikangogwa kamodzi, zimene thupi linamanga zimang'ambika ndipo kuwerenga kumayambiranso pa tsiku loyamba. Choncho povula kachikhakhako chala chigone patebulo, chitsukidwe chili chogona, chiume, kachikhakha kabwerere chisanadzuke. Mwana wa zaka 12 sangakumbukire zimenezi yekha tsiku lililonse kwa miyezi iwiri. Ndi ntchito ya kholo.

Ntchito, malipiro ndi mapepala

Tikudziwa chimene chimabweza anthu ku ntchito pa mlungu wachitatu. Si umbuli, ndi lendi. Munthu wolipidwa pa ola, kapena wa ganyu, akamva za milungu 12 amawerenga ndalama osati masiku. Koma mtsempha ukadukanso milungu 12 ija imayambiranso, ndipo zotsatira za kusoka kachiwiri kawirikawiri sizifika pa zoyamba. Ndi bwino kumenyera nkhondo malipiro kusiyana ndi kubetcha chala.

Ngozi ikachitikira kuntchito, uzani abwana tsiku lomwelo ndipo zilembedwe, musunge pepala lililonse la kuchipatala. Ku South Africa lamulo la COIDA la 1993 limapereka chipukuta misozi kwa ovulala pantchito, ndipo kuyambira pa chigamulo cha Constitutional Court mu November 2020, pa mlandu wa Mahlangu, antchito a m'nyumba nawonso ali m'gululi. Malamulo aakulu a dzikolo, gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Ku Britain, mukadwala kupyola masiku 7 abwana amafuna kalata yotchedwa fit note, ndipo kuyambira mu 2022 a mafizo nawonso amaloledwa kuilemba. Kalatayo ikhoza kunena kuti mungagwire ntchito yopepuka yosafuna dzanjalo, zimene zimathandiza ena kusataya malipiro onse. Ku England chithandizo cha ku A&E n'chaulere kwa aliyense, ngakhale kuti chithandizo chotsatira chikhoza kulipiritsidwa kwa amene alibe chilolezo chokhala m'dzikomo. Ku United States lamulo la 1986 lotchedwa EMTALA limakakamiza zipatala zambiri kupima ndi kuthandiza wobwera mwadzidzidzi posayang'ana thumba lake, ngakhale bilu imabwera pambuyo. Mantha a mapepala ndi enieni, sitikuwapeputsa. Koma chala chimene chabisidwa m'nyumba mwezi wathunthu chimafuna chithandizo chodula kuposa cha tsiku loyamba.

Palinso amene amati ndikakonzetsa kumudzi pa Khirisimasi. Mtsempha sudikira tchuthi.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, chala chosokedwa sichibwerera nthawi zonse mmene chinalili. Ena chimatsala chouma pang'ono, osafika m'chikhatho pofumbata. Ena nsonga imakhala yogwa pang'ono. Ambiri amadandaula kuti chimawawa kukazizira, ndipo nyengo yachisanu yoyamba ku Leeds kapena ku Johannesburg imakhala yowawitsa. Magolovesi amathandiza, ndipo kwa ambiri vutoli limachepa ndi zaka. Bala likauma, kusisita chipsera ndi mafuta wamba odzola kangapo patsiku kumachifewetsa. Ngati patatha miyezi ingapo ya mafizo chala chikupindika mukachikankha ndi dzanja lina koma chokha chikukana, ndiye kuti mtsempha wamatirira, ndipo pali opaleshoni ina youmasula, yotchedwa tenolysis. Pambuyo pake mafizo amayambanso nthawi yomweyo.

Ana aang'ono, amene sangatsatire malangizo, madokotala amawaika m'chikhakha cholimba chofika pamwamba pa chigongono kwa pafupifupi mwezi kuti asachivule. Mwayi wawo ngwakuti mfundo zawo siziuma msanga ngati za akulu. Okulirapo ndi amene amativuta kusukulu. Amavula kachikhakha pa nthawi yopuma chifukwa anzawo akuwaseka, kapena amalowa m'bwalo "kamodzi kokha" chifukwa timu yaperewera. Makolo, musadalire mwana kuti akafotokoza yekha. Lembani kalata kusukulu, kapena pemphani ya kuchipatala, yonena chala chimene chavulala, kuti chikhakha sichivulidwa, ndi tsiku limene angabwerere ku masewera. Mphunzitsi wa masewera ailandire m'manja, asangoimva kwa ena. Ngati lavulala ndi dzanja lolembera ndipo mayeso ali pafupi, nenani msanga: ku England, pa GCSE ndi A level, sukulu ikhoza kukonza kuti mwana alembe pa kompyuta kapena akhale ndi womulembera, koma zimafuna kuti ofesi ya mayeso idziwe nthawi ilipo. Chikwama cha mabuku anyamulire paphewa la mbali inayo, ndipo tsiku loyamba kubwerera ku netball mufunse wa mafizo ngati chalacho chiyenera kumangidwa limodzi ndi chinzake.